Kamera Imene Marit Anakana Kuitaya

1. Loweruka la msika

Loweruka m'mawa bwalo la msika wa ku Oudewaard linali litadzaza kale. Ogulitsa tchizi ankakuwa mitengo, njinga zinali mbwee m'mbali mwa ngalande, ndipo kamphepo kozizira kankanunkhira nsomba zokazinga.

Pakona pa bwalolo panaima galimoto ya polisi. M'katimo munali anthu atatu.

Kutsogolo kunakhala Marit Terpstra, mtsikana wa zaka makumi awiri. Anali asanamalize maphunziro a upolisi. Masiku ena ankakhala m'kalasi, masiku ena ankavala yunifolomu n'kuyenda ndi apolisi akale kuti aone ntchito ndi maso. M'chiuno mwake munali mfuti. Pachifuwa pake panali kamera yakuda, kukula kwake ngati sopo wosambira.

Kumbuyo kunakhala Wessel Kuiper, mnzake wa kalasi imodzi. Pa chiwongolero panali a Sajeni Roelof Brink, bambo wamtali wa imvi, amene anayamba upolisi awiriwa asanabadwe. Ndiwo ankawaphunzitsa ntchito, ndipo ndiwonso ankayenera kudzanena ngati akhoza kapena ayi.

A Brink anali atawagulira tchipisi. Analoza kamera ya Marit ndi katchipisi kamene kanali m'manja mwawo.

"Kazitape wakoyo wam'dyetsa? Wangayu ndi waulesi ngati mwini wake. Batire linatha dzulo, mpaka pano akungogona."

Wessel anaseka. Marit anangomwetulira pang'ono. Nthabwala imeneyi sinkamusangalatsa, chifukwa ankakumbukira mawu a mayi Doornbos, mphunzitsi wawo wokalamba wa kusukulu ya apolisi, tsiku limene anawagawira zida.

"Ana inu, tcherani khutu," anatero mayiwo tsiku limenelo. "Mfuti mwalandirayi si yanu. Ndi ya anthu amene mudzakumane nawo mumsewu. Iwo ndiwo anavomera kuti inu muzinyamula, iwo asanyamule. Tsono munthu akakubwereka chinthu choopsa chotere, ali ndi ufulu wokufunsa kuti unachita nacho chiyani. Kamerayi ndi imene idzamuyankhe. Dzanja limodzi likangopita ku mfuti kapena ku ndodo, linalo lidine batani. Osadikira kuti muone kaye ngati zitha bwino. Wapolisi wamantha amakumbukira zosokonekera, ndipo wapolisi wokwiya amakumbukira zimene akufuna. Ine ndaona apolisi abwino akupulumuka chifukwa cha kamera pamene anthu anawanamizira. Ndaonanso amayi akulira pakhoti chifukwa panalibe woona zimene zinachitikira ana awo. Tsiku lina wina adzakuuzani kuti muizimitse. Musaganize kuti adzakhala mdani, ayi. Adzakhala munthu amene mumamulemekeza, amene amakugulirani khofi. Pamenepo m'pamene mudzadziwe ngati ndinu apolisi kapena gulu chabe la anthu amfuti."

Wailesi ya m'galimoto inalira. Mawu a mayi wa ku ofesi anamveka mwachangu. Sitolo ya mafoni yathyoledwa. Wakuba ndi mnyamata wovala jekete lakuda, wathawa pa njinga yamoto, ndipo mwina ali ndi mpeni.

A Brink anaponya tchipisi pansi n'kuliza galimoto.

2. Kamsewu ka kuseri kwa tchalitchi

Kuseri kwa tchalitchi chakale kuli kamsewu kopapatiza koyalidwa miyala. Anthu sakonda kudutsamo. M'menemo anakumana ndi njinga yamoto ikubwera pang'onopang'ono. Woyendetsa wake anavala jekete lakuda.

A Brink anapingasa galimoto, nalumpha. Marit asanatsegule n'komwe chitseko chake, mfuti yawo inali kale m'manja.

"Tsika! Gona pansi! Manja ndiziwaona!"

Marit anatuluka. Aka kanali koyamba kuona mfuti italozedwa pa munthu weniweni. Dzanja lake linafufuza pachifuwa, linaphonya, kenako linapeza batani. Anachedwa, koma anadina. Kanyali kofiira kanayaka.

Mnyamatayo anavula chisoti n'kugona chafufumimba. Marit anamuzindikira. Anali Nassim Haddou, mwana wa sekondale, amene bambo ake amagulitsa zokometsera ndiwo pamsika.

"Sindinalakwe kanthu! Ndikupita kwa bambo anga!"

"Tseka pakamwa! Terpstra, gwira miyendo!"

Marit anagwada n'kugwira miyendo ya Nassim monga anawaphunzitsira. A Brink anabwezera mfuti m'chiuno, namumanga manja kumbuyo ndi unyolo. Anamupisa m'matumba, osapeza kanthu. Anakhuthula chikwama chake pamiyala. Munatuluka buledi wozungulira ndi botolo la tiyi.

Nassim anatembenuza mutu. Mantha anali atasanduka ukali.

"Mwaupeza mpeniwo? Ndi buledi ameneyo, madala! Ngati muli ndi njala ingonenani, ndikunyemereni!"

Wessel, amene anaima pafupi ndi galimoto, analephera kudzigwira. Kaphwete kanamupulumuka.

Nkhope ya a Brink inafiira. Anayang'ana Wessel, kenako anayang'ana mnyamata amene anagona pansi atamangidwa. Anamugwira tsitsi, nakweza mutu wake, n'kuumenyetsa pamiyala. Anaukwezanso, n'kuumenyetsanso.

"Bwana!" anakuwa Marit. "Wamangidwa kale!"

"Ndati gwira miyendo!"

Anasolola ndodo n'kumumenya nayo m'nthiti. Miyendo ya Nassim inaphupha m'manja mwa Marit, koma iye sanaisiye. Anaisiya ataona magazi akuyenderera pakati pa miyala, kulowera kumene kunali buledi uja.

Kulira kwa Nassim kunafika kumsika. Anthu anayamba kuthamangira m'kamsewuko, ena atakweza mafoni, koma anafika zonse zitatha. Pakati pawo panali a Haddou, atavala epuloni ya pamalonda. Anadzigwetsa pafupi ndi mwana wawo n'kumuitana dzina mobwerezabwereza.

Wailesi ya paphewa pa a Brink inaliranso. Aliyense amene anali pafupi anamva. Wakuba uja wagwidwa pa siteshoni ya sitima, mafoni ali m'chikwama.

"Mnyamatayu analimbana nafe," anatero a Brink mokweza, akuyang'ana anthuwo. "Anagwa yekha polimbanapo. Bwererani m'mbuyo, ambulansi ikubwera."

3. M'mbali mwa ngalande

Ambulansi itanyamuka, atatuwo analowa m'galimoto. Atayenda pang'ono, a Brink anacheuka, ndipo maso awo anagwera pa kanyali kofiira kamene kanali kakuyakabe pachifuwa pa Marit.

Anaponda mabuleki mwamphamvu moti Wessel anagunda mpando wakutsogolo.

"Chimenecho wachiyatsa liti?"

"Mutatulutsa mfuti, bwana. Ndilo lamulo."

"Zimitsa!"

Marit anadina batani. Kanyali kanazima, koma onse ankadziwa kuti zojambulidwa zili m'katimo. Madzulo aliyense amalowetsa kamera yake m'kabati ya ku polisi, ndipo ikangolowa, zonse zimapita ku kompyuta yaikulu ya kulikulu kumene palibe angazifufute.

A Brink anaimika galimoto m'mbali mwa ngalande, pansi pa mitengo, nazimitsa injini.

"Tamvera kuno, kamwana iwe. Ine ndatola anzanga pamsewu ali magazi okhaokha. Ndagogoda pakhomo kukauza mkazi wa mnzanga kuti mwamuna wake sabweranso. Iwe unali kuti? Unali kuyamwa chala. Aphunzitsi ako aja amadziwa malamulo chifukwa akhala pampando, mawondo awo ndi ouma. Kunja kuno lamulo ndi limodzi: mnzako ndiye moyo wako. Tsiku lina udzalowa m'nyumba ya munthu wamisala ali ndi nkhwangwa, udzakuwa pa wailesi kuti thandizeni. Ukuganiza adzabwera ndani? Kamera? Adzabwera anthu omwewa amene lero ukufuna kuwagulitsa. Ndipo wapolisi amene amagulitsa anzake, akaitana, magalimoto amayenda pang'onopang'ono. Sindikukuopseza. Ndikukuuza mmene dziko lilili."

"Koma anali atamangidwa, bwana. Analibe chilichonse."

"Anali ndi pakamwa! Lero akunditukwana pamaso pa ana anga a sukulu, mawa adzalavulira wina, mkuja adzabaya. Ndam'phunzitsa ulemu umene bambo ake analephera."

Marit analuma mlomo.

A Brink anatsitsa mawu.

"Ndiye taganiza bwino. Kamerayo ili pachifuwa pako, imaona zimene zili kutsogolo kwako. Ukuganiza kuti muli ine ndekha? Muli manja ako, atagwira miyendo ya mnyamata uja mpaka pamapeto. Akakaonera, sadzati Brink yekha. Adzati Brink ndi Terpstra. Ine ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Iwe sunayambe n'komwe."

Analoza madzi akuda a m'ngalande.

"Tizitsulo togwirira makamerawa n'tosalimba. Amagwa kawirikawiri. Wina amathothoka pothamanga, wina powerama pamlatho. Amakukalipira pang'ono, n'kukupatsa ina. Uli ndi nthawi mpaka poweruka. Kuiper, iwe unaona chiyani?"

"Anagwa yekha, bwana," anayankha Wessel, maso ali pa nsapato zake.

"Wamva? Mnzako ali ndi nzeru."

4. Pakhomo la wodi

Masana, a Brink anatsala ku polisi kuti akafotokoze za m'mawa. Popeza Nassim ankamuimba mlandu wolimbana ndi apolisi, lamulo linkafuna kuti pakhomo la chipinda chake kuchipatala pakhale mlonda. Anatumiza Marit ndi Wessel.

A Haddou anali pabenchi ya pakhonde, epuloni yawo ili ndi madontho a magazi. Ataona mayunifolomu, anaimirira.

"Mwabwera kudzalondera? Mukuopa kuti athawa? Munthu amene nsagwada yake akuimanga ndi waya?"

"Pepani bambo, sitiloledwa kulankhula za mlandu," anatero Wessel.

A Haddou sanamuyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Marit.

"Iwe ndimakudziwa. Ndiwe mwana wa anamwino a Terpstra. Unkabwera pabenchi langa uli kamwana, ndinkakupatsa zipatso zouma. Tsono ima pomwepo undimvere. Ine ndinafika m'dziko muno ndili msinkhu wa Nassim. Ndagwira ntchito m'mafakitale mpaka msana kupindika. Ana anga anabadwira m'chipatala chino. Ndipo aliyense wa iwo ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti: apolisi akakuimitsa, ima. Akati gona, gona. Manja ako aziwaona. Nassim anachita zonsezo. Anaima, anagona, anapereka manja. Tsopano alibe mano akutsogolo. Ndiye madzulo ano ndikamuuze chiyani mng'ono wake? Ndikamuuze kuti akaona apolisi azithawa? Chifukwa ine mawu andithera."

Mawu awo anakwera, moti odwala ena anasuzumira.

"Akuti anagwa yekha. Munthu amagwa yekha manja ali kumbuyo, n'kuthyoka nthiti? Pamene ankagula tinthu tili pachifuwa panuto, akuluakulu a mzinda anatiitana kuholo. Anati kuyambira lero palibenso zoti mawu a wapolisi apose mawu a mwana wanu, zonse zizioneka. Tinaomba m'manja ngati zitsiru. Ine sindikupempha chifundo kwa munthu. Ndikufuna kuona. Kanthu kakoko kanali koyaka kapena ayi?"

Marit anatsegula pakamwa, koma Wessel anamuponda phazi.

"Sitiloledwa, bambo."

"Simuloledwa kulankhula," anatero a Haddou, "koma kumenya mumaloledwa." Anakhalanso pabenchi n'kuyang'ana khoma.

Chitseko cha wodi chinatseguka, ndipo munatuluka namwino wamkulu atanyamula beseni. Anali mayi ake a Marit. Anayang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tabwera kuno."

Anamulowetsa m'kachipinda kosungiramo zofunda n'kutseka chitseko.

"Ndatsuka m'kamwa mwa mwana uja ndi manja angawa. Unalipo?"

"Ndinalipo, amayi."

"Unkatani?"

"Ndinagwira miyendo."

Mayiwo anaika beseni pansi pang'onopang'ono. Marit anali asanawaonepo atakwiya chotero. Anawafotokozera zonse mwachidule, mpaka za ngalande.

"Ndiye waima pano ukuganizirabe? Marit, ine sindikunamiza kuti ukapereka kamerayo zikuyendera bwino. Adzakusala. Udzadya wekha. Mwinanso ntchito imene unkailira kuyambira uli wamng'ono idzathera pomwepa. Ndipo manja akowo adzaoneka, anthu adzakuloza chala, ena adzaloza ine. Zimenezo n'zoona. Koma mvera izi. Ukaiponya m'madzi, usaganize kuti nkhani yatha. Mlandu suwola. Brink ameneyo adzakhala atakumanga chingwe m'khosi. Chaka chamawa adzamenya wina, n'kukuuza kuti yang'ana kumbali, ndipo sudzatha kukana chifukwa akudziwa zako. Kenako adzakupatsa mwana wa sukulu woti um'phunzitse, ndipo iweyo ndi pakamwa pako udzamuuza kuti tizitsulo ta makamera n'tosalimba. Anthu oipa sabadwa ali oipa, amayamba chonchi. M'mawa unagwira miyendo chifukwa cha mantha, ndipo zimenezo ndingazimvetse ngakhale zikundiwawa. Koma ukaitaya kamerayo udzakhala wagwiranso miyendo ya mwana uja kachiwiri, uli ndi nthawi yoganiza. Zimenezo sindidzazimvetsa."

"Nanga akandichotsa?"

"Chipinda chako chilipo. Ndinabereka mwana ine, sindinabereke yunifolomu."

Anatola beseni lawo n'kutuluka, osamukhudza n'komwe.

5. Mlatho ndi kabati

Dzuwa litapendeka, apolisi ena anabwera kudzawalandira. Wessel ndiye ankayendetsa pobwerera. Atafika pamlatho waukulu anapeza utakwezedwa kuti maboti adutse, ndipo magalimoto ndi njinga zinali zitaima mzere.

Wessel anadina batani, galasi la kumbali ya Marit linatsika. Madzi anali pafupi, mwakuti munthu akanatha kuwafika ndi kuponya pang'ono chabe.

"Pano m'pabwino," anatero chapansipansi. "Ine ndikuyang'ana uko."

Marit anakweza galasilo.

"Marit, usachite misala. Ukakaipereka kamerayo watipha tonse. Ine ndalephera kale maphunziro kwina, awa ndi omaliza. Bambo anga ndikawauza chiyani?"

"Ukawauze kuti unaseka."

"Chiyani?"

"Unaseka iwe! Unaseka, munthu anamenyedwa chifukwa cha kuseka kwako, kenako unayang'ana kumwamba ngati ukuwerenga mbalame. Kamera yako inali pachifuwa pomwepo. Chala chinathyoka?"

"Nanga iwe? Woyera mtima iwe, unagwira miyendo ndani?"

"Ine!" anakuwa Marit, akumenya chitseko ndi chibakera. "Ndinagwira ine! Ndipo akaonere, aone kuti ndinali ine!"

Woyendetsa njinga amene anaima pafupi anacheuka. Mlatho unatsika. Wessel anapitiriza ulendo.

Kabati ya makamera ili m'kachipinda ka pafupi ndi khomo lakumbuyo la polisi. Marit atalowa, anapeza a Brink atakhala pampando pafupi ndi kabatiyo, kapu ya khofi ili m'manja. Apolisi ena angapo anali pakhomo, akuchita ngati akucheza. Nkhani inali itafika kale kwa onse.

A Brink anayang'ana pachifuwa pa Marit. Kamera inali pomwepo.

"Ndiye sinagwe."

"Sinagwe, bwana."

"Bweretsa kuno, ndikuikire. Watopa."

Anatambasula dzanja. Marit anaimasula kamerayo pachifuwa. Anayang'ana dzanjalo, lomwe lija linagwira tsitsi la Nassim. Analilambalala, n'kuilowetsa kamerayo m'malo mwake ndi mphamvu mpaka inalira kuti khwa. Kanyali kobiriwira kanayamba kuphethira.

A Brink anabweza dzanja lawo.

Kenako a Brink anaimirira n'kuponya kapu kukhoma. Khofi anamwazikira pa makabati.

"Kachitsiru iwe! Ndakunyamula m'galimoto mwanga, ndakuphunzitsa kuyenda, ndakudyetsa! Ukudziona ngati ndani?"

"Munandiphunzitsa kugwira miyendo ya munthu womangidwa," anayankha Marit. Mawu ake ankamveka mpaka pakhomo. "Si zimenezo zimene ndinadzera kuno. Ngati anagwa yekha, bwana, mukuopa chiyani? Akaonera aona akugwa."

A Brink anamuyandikira mpaka mpweya wawo unamufika kumaso. Wapolisi wina wachikulire anawagwira mkono.

"Roelof, basi. Muno mulinso kamera."

A Brink anakutumula mkono wawo, natuluka. Amene anali pakhomo anawapatsa njira. Marit atatuluka, palibe anamuyang'ana. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Yudasi," ndipo wina anaseka.

6. Mu ofesi ya mayi Veldkamp

Marit sanapite kukavula yunifolomu. Anakwera masitepe kupita ku ofesi ya mkulu wa polisiyo, mayi Veldkamp, kuti akanene yekha zimene zinali m'kameramo. Mlembi anamuuza kuti adikire pampando wa panja, chifukwa a Brink anali atalowa kale.

Anadikira nthawi yaitali. Anaona Wessel akuitanidwa, akulowera khomo lina la ofesiyo. Kenako a Brink anatuluka, nadutsa pamaso pake ngati pampandopo palibe munthu.

"Terpstra, lowa."

Mayi Veldkamp anali mayi wamfupi, wa magalasi, wosakonda mawu ambiri. Kompyuta yawo inali yotsegula, ndipo pagalasi lake panaima chithunzi cha miyala ya m'kamsewu kaja.

"Ndaonera," anatero. "Khala pansi. Sindikuthokoza, chifukwa wachita zimene lamulo limafuna, ndipo munthu sathokozedwa pochita ntchito yake. Komanso sindikubisira kuti zimene ndaonazi zandinyansa. Mlandu wa mnyamata uja ndauimitsa, alonda ndawachotsa pakhomo pake. A Brink ndawalanda mfuti. Nkhaniyi yachoka m'manja mwanga, Lolemba kubwera ofufuza ochokera kunja, anthu amene sadya nafe pano. Adzakufunsa za manja ako, ndipo udzawayankhe zoona zokhazokha, ngakhale zokupweteka. Munthu amene wanena zoona theka amavutika kuposa amene sananene kanthu."

"Ndamva, mayi."

"Sunamve zonse. Masula lamba wa mfutiyo uike patebulo pano."

Marit anadzidzimuka.

"Inenso?"

"Kamera yako inayaka mfuti ili kale m'manja mwa a Brink. Zimene zinachitika isanayake, palibe angazione. A Brink akuti anatulutsa mfuti chifukwa iweyo unakuwa m'galimoto kuti, 'Ali ndi mpeni, ndauona!' Akuti n'chifukwa chake sanakhulupirire kuti mnyamatayo alibe chida ngakhale atamupisa. Akuti vuto lonse linayamba ndi bodza la mwana wa sukulu wamantha, ndipo wapereka kamerayo kuti udziyeretse."

Marit anaimirira, mpando unagwa kumbuyo kwake.

"Limenelo ndi bodza! Sindinatsegule pakamwa ine! Mayi, akunama!"

"Tsitsa mawu. Akanakhala mawu awo okha, sindikanakulanda mfuti. Koma akuti pali wina amene anakumva."

Mayi Veldkamp anapita kukatsegula khomo lam'mbali. M'kachipinda kam'katiko munali Wessel, atakhala pampando, chipewa chake akuchipotokola m'manja. Nkhope yake inali yotuwa.

"Kuiper, lowa. Zimene wandiuza uli ndi a Brink zija, ndikufuna uzibwereze pano iwo palibe, ukumuyang'ana mnzakoyu m'maso. Uganize bwino usanayankhe, chifukwa zimene unene pano ndi zimene udzalumbire Lolemba. Kodi Terpstra anakuwa za mpeni, kapena sanakuwe?"

Wessel anakweza mutu, nayang'ana Marit. Kenako anatsegula pakamwa kuti ayankhe.